Zimene mzinda wa Delhi unaphunzira pa ma rickshaw

Mukakwera chilichonse chonyamula anthu mumzinda, moyo wanu mumauika m'manja mwa munthu amene simukumudziwa. Nanga mungadziwe bwanji kuti anaphunzira kuyendetsa, kapena kuti mabuleki ake akugwira? Mzinda wa Delhi, ku India, unayamba kudzifunsa zimenezi maliro atachitika kale.

Rickshaw ndi kangolo ka matayala atatu konyamula anthu. Ma rickshaw ena amachita kupalasa ngati njinga, ena ali ndi injini, koma amene tikunena pano amayendera batire. Anayamba kuchuluka ku Delhi cha m'ma 2010. Anthu anawakonda chifukwa ndi otchipa, satulutsa utsi, ndipo amalowa m'timisewu tomwe basi singadutse. Vuto linali lakuti lamulo la magalimoto silinkawawerengera. Motero ambiri ankayenda opanda nambala ndi inshuwalansi, ndipo oyendetsa ake analibe layisensi. Ngozi ikachitika, wovulala ankasowa womulipira.

Mu Julaye 2014, m'dera la Trilokpuri, rickshaw ina inagunda mayi amene ananyamula mwana. Mwanayo anagwera mumphika wa manyuchi owira n'kumwalira. Pa 31 Julaye, khoti lalikulu la mu Delhi linaletsa ma rickshaw onse a batire.

Chiletsochi chinabweretsa mavuto ena. Mabanja ambiri osauka amene ankadalira ntchitoyi anasowa chakudya, ndipo okwera anasowa chokwera chotchipa. Boma linaona kuti njira yabwino ndiyo kuika malamulo omveka. Mu Okutobala 2014 linalengeza malire awa: okwera asapitirire anayi, katundu asapitirire makilogalamu 40, ndipo liwiro lisapitirire makilomita 25 pa ola. Rickshaw iliyonse ilembetsedwe, ndipo woyendetsa akhale ndi layisensi. Mu 2015 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la magalimoto kuti liphatikizenso ma rickshaw amenewa. Akuluakulu a Delhi anawaletsanso kuyenda m'misewu ikuluikulu yoposa 200.

Malire amenewa ali ndi zifukwa zake. Chinthu cha matayala atatu sichichedwa kugubuduzika pokhota, makamaka chikadzaza mopitirira muyeso. M'mbali mwake ndi mosatseka, kotero wokwera amagwera pamsewu penipeni. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti chiime umawirikiza kanayi. Nambala nayo imathandiza kupeza mwini wake ngozi ikachitika.

Komabe lamulo la papepala lokha silipulumutsa munthu. Mpaka lero ku Delhi mumapezeka ma rickshaw osalembetsa ndi odzaza anthu mopitirira, chifukwa woyendetsa amafuna ndalama zambiri pa ulendo umodzi, okwera nawonso amavomera kupanikizana.

Kuno kwathu nkhani yomweyi timaiona pa kabaza. Njinga yamoto imayenera kulembetsedwa, woyendetsa kukhala ndi layisensi, ndipo onse awiri kuvala chipewa choteteza mutu. Inu amene mumalipira muli ndi mphamvu. Musanakwere, yang'anani ngati pali nambala, funsani chipewa, ndipo kanani kukwera atatu pa njinga imodzi. Woyendetsa akayamba kuthamanga, muuzeni achepetse liwiro, akakana, tsikani. Okwera ambiri akamatero, woyendetsa wosamala ndiye amene adzapeze makasitomala.