Kayesedwe Kolungama ka Wosewera wa Basketball

Munthu amene afuna kuweruza molungama ntchito ya wosewera mmodzi m'timu ya basketball, kaya ndi mphunzitsi wosankha oyamba kulowa m'bwalo, kaya ndi mlembi wa nkhani zamasewero, kapena wochemerera chabe amene mtima umamuwawa timu yake ikagonja, ayenera kuyamba wadziwa kuti pepala la ziwerengero lotuluka masewero akatha limanena zoona ndithu, koma limasiya zambiri zosanena. Pakuti diso limathamangira pa mzere wa mapointi, nilikhazikika pomwepo, ndipo amene wapeza ambiri timamuveka ulemu tisanafunse n'komwe kuti anawagula pa mtengo wotani. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chake ndaika pano njira imene ndiiyesa yoongoka, ndipo kuti mawu asayende m'malere, nditenga chitsanzo cha timu ya Chicago Bulls ya m'chaka cha 1995-96, imene inapambana masewero 72 mwa 82 mu ligi ya NBA ya ku America, nitenganso chikho itagonjetsa Seattle SuperSonics.

Poyamba penipeni, musanagwire n'komwe cholembera, funsani kuti wosewerayu anamutuma ntchito yanji. Mphunzitsi wa Bulls, Phil Jackson, anali ndi Michael Jordan, amene ankapeza mapointi 30.4 pa avereji, ndipo m'timu yomweyo munali Dennis Rodman, amene ankapeza 5.5 okha, koma Rodman sanamuitanire kuponya, anamuitanira kutola mipira yophonyedwa ikadunda pa mkombero, imene amaitcha rebound, ndipo pa ntchitoyi ankatola 14.9 pa avereji, kuposa wina aliyense mu ligi yonse chaka chimenecho. Scottie Pippen ankanyamula mpira, kugawira anzake, ndi kulonda woopsa wa adani. Steve Kerr ankadikira kutali kuti mpira ukamupeza auponye. Toni Kukoč ankayambira pa benchi, nalandira mphoto ya wosewera wopambana mwa olowa m'malo. Mutu umodzi susenza denga. Lembani tsono pamwamba pa pepala lanu, m'mawu ochepa, udindo wa munthu amene mukumuyesayo, pakuti zonse zotsatira mudzaziyesa ndi udindo umenewo, ndipo amene anapatsidwa talente imodzi sayenera kufunsidwa phindu la matalente asanu.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse, phunzirani kuwerenga mipata ya mpira. Timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 24 kuti iponye, ndipo mpata umenewo umatha m'njira zowerengeka: aponya nalowetsa, aponya naphonya mpira n'kutoledwa ndi adani, achitiridwa faulo napita pa mzere wa faulo, kapena ataya mpira osaponya konse. Popeza matimu awiriwo amalandizana mpira, mipata yawo m'masewero amodzi imakhala pafupifupi yofanana, kotero kuti yopambana ndi imene yatulutsa mapointi ambiri pa mpata uliwonse. Ndipo wosewera aliyense akaponya amakhala wadya mpata wa timu yonse, umene mnzake akadaugwiritsa ntchito. Pamenepo funso loyenera ndi lakuti, mipata imene anadyayo inabala chiyani?

Tiyerekeze osewera awiri, aliyense waponya ka 20. Woyamba walowetsa 10, yonse ya mapointi awiri, napeza mapointi 20. Wachiwiri walowetsa 8 yokha, koma 5 mwa iyo ndi yoponyera kunja kwa mzere wa mapointi atatu, napeza 21. Pepala lidzalemba kuti woyamba analowetsa 50 peresenti, wachiwiri 40 peresenti, ndipo wowerenga mothamanga adzatama woyambayo, chonsecho wachiwiri ndiye wapindulitsa timu koposa. Konzani chiwerengerocho motere: pa mpira uliwonse wa mapointi atatu umene walowa onjezani theka ku chiwerengero cha mipira yolowa, kenaka gawani ndi mipira yonse imene anaponya; mukatero wachiwiri uja afika pa 52.5 peresenti. Ngati mufuna kuphatikizamo mipira ya pa mzere wa faulo, ndipo n'koyenera kutero chifukwa wokakamiza adani kumuchitira faulo amabweretsa mapointi osavuta, chulukitsani mipira ya fauloyo ndi 0.44, onjezani mipira yoponya m'masewero, chulukitsani zonsezo kawiri, ndipo mugawe mapointi ake onse ndi chimene mwapezacho. Chiwerengero cha 0.44 chimabwera chifukwa si mipira yonse ya faulo imene imadza iwiriiwiri pa mpata umodzi; ina imadza umodzi wokha wosewera atalowetsa kale, ina itatu.

Komatu pano chenjerani, kuti masamu angakusokeretseni. Chaka chimenecho Kerr analowetsa 51.5 peresenti ya mipira yake ya mapointi atatu, ndiye kuti kuponya kwake kulikonse kwa kutali kunkabala mapointi opitirira 1.5, pamene Jordan ankalowetsa 49.5 peresenti ya mipira yake yonse, yambiri mwa iyo ya mapointi awiri. Wopupuluma anganene kuti Bulls ikadachita bwino kupatsa Kerr mipira yonse ya Jordan. Koma Kerr ankaponya ali yekha, wopanda dzanja pamaso pake, chifukwa olonda awiri anali atathamangira kwa Jordan, ndipo nthawi ikatsala masekondi atatu, njira zonse zitatsekeka, mpira unkabwerera kwa Jordan kuti adzipezere yekha poponyera pakati pa adani. Chotero poyesa kulowetsa kwa munthu yesaninso kulemera kwa katundu amene wasenza: ndi mipata ingati ya timu imene imathera m'manja mwake, ndipo ndi ingati mwa mipira yake imene anadzikonzera yekha? Amene asenza zambiri nalowetsabe mofanana ndi anzake kapena kuposerapo pang'ono, ameneyo ndi wa mtengo wapatali kuposa mmene peresenti yake ionetsera.

Chachitatu ndi chachifupi: linganizani mphindi. Masewero a NBA ali ndi mphindi 48, ndipo amene wasewera 15 sangafanizidwe ndi amene wasewera 38 pokhapokha mutawerengera onse awiri pa muyeso umodzi, umene ambiri amauika pa mphindi 36. Pofanizira matimu othamanga ndi odekha, kapena nyengo zosiyana, werengerani pa mipata 100. Wilt Chamberlain atapeza mapointi 50.4 pa avereji m'chaka cha 1961-62 ankasewera mphindi 48.5, kuphatikizapo zowonjezera, pa nthawi imene matimu ankaponya mipira yambiri kuposa a m'masiku a Jordan. Ulemu wake suchepa nazo, koma chiwerengerocho sichingaikidwe pambali pa cha munthu wa nyengo ina popanda kuchikonza.

Chachinayi, werengani mipata imene wosewera amapulumutsa ndi imene amataya. Mpira wotayika ndi woipa kuposa wophonyedwa, pakuti wophonyedwa ukhoza kutoledwanso ndi mnzake, pamene wotayika kawirikawiri umapeza adani ali kale pa liwiro lopita ku dengu. Choncho kwa wogawa mipira ikani pamodzi mipira imene wapatsira anzake nalowetsa ndi imene wataya, muone kuti ikulemera mbali iti. Za kupulumutsa mipata, taonani masewero achisanu ndi chimodzi a ndime yomaliza, pa 16 June 1996, pamene Bulls inagonjetsa Seattle 87 kwa 75. Jordan, amene Gary Payton wa Seattle anamuumirira kolimba, analowetsa mipira 5 yokha mwa 19, ngakhale anafika pa mapointi 22. Rodman anatola mipira yobwerera 19, ndipo 11 mwa iyo anaitola pansi pa dengu limene timu yake inkaponyamo, ndiye kuti ka 11 anabwezera anzake mpata umene unali utatayika kale. Amene aona mzere wa mapointi wokha sadzadziwa konse chimene chinachirikiza timu usiku umenewo. Dziwaninso kuti mipira yotola ku dengu lotchinga siilemera mofanana: ina imagwera munthu popanda womulimbana naye, ndipo nthawi zambiri amene wagwira ntchito yeniyeni ndi mnzake amene anatsekereza chimphona cha adani ndi msana wake kuti chisafike pa mpirawo, iye osalembedwa kanthu.

Chachisanu ndicho chovuta koposa, ndipo ndikupemphani kuti musachilumphe: yesani kutchinga ndi maso anu. Ligi ya NBA inayamba kulemba mipira yolanda ndi yotchinga m'mwamba m'chaka cha 1973-74, kotero kuti Bill Russell, amene anatenga zikho 11 ndi Boston Celtics nasiya kusewera mu 1969, alibe mpira ngakhale umodzi wotchinga wolembedwa m'mabuku a ligi. Ndipo ngakhale lero, pamene makamera amatsata phazi lililonse m'bwalo, ziwerengero za pa pepala zimagwira kagawo kochepa ka ntchitoyi. Zikhoza kunamiza kumene, chifukwa wolanda mipira yambiri nthawi zina amakhala wosiya munthu wake kukasaka mpira, ndipo akauphonya amasiyira anzake anayi kulimbana ndi asanu.

Chitani chotere. Onerani kanema wa masewero kachiwiri, mutadziwa kale mathero ake kuti mtima usakukokeni, ndipo nthawi ino chotsani maso pa mpira, muwaike pa wosewera mmodzi yekhayo m'mipata 20 yotsatizana imene timu yake ikutchinga. Pa mpata uliwonse lembani chizindikiro: kodi mpira utatayika anathamanga kubwerera, kapena anatsalira akudandaulira woimbira? Mdani atamuimira kutsogolo kuti amutsekereze, anazemba bwanji, ndipo anamvana ndi mnzake za amene atenge yani? Mnzake atapitiriridwa, iye anasiya malo ake pa nthawi yake kukatseka njira ya ku dengu, nabwereranso msanga kwa munthu wake? Woponya atadumpha, dzanja linali pamaso pake? Shane Battier, pamene anali ku Houston Rockets, ankaphunzira malo amene woponya aliyense amaphonyera kawirikawiri, namukankhira komweko pang'onopang'ono, ndipo polonda katswiri woponya Kobe Bryant ankatambasula chikhatho patsogolo pa maso ake m'malo molimbana ndi mpira. Zimenezi sizilowa pa mzere uliwonse wa pepala, ndipo Battier sanasankhidwepo m'masewero a akatswiri osankhika a All-Star, koma anatenga zikho ziwiri ndi Miami Heat mu 2012 ndi 2013. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndikhulupirira kuti ola limodzi la kuonera kotereku limaphunzitsa zambiri kuposa mwezi wathunthu wa kuwerenga ziwerengero.

Mukatha apo, yang'anani kusiyana kwa mapointi a matimu awiriwo pa mphindi zimene wosewerayo anali m'bwalo, kumene masiku ano amalemba kumapeto kwa mzere wake ndi chizindikiro chowonjezera kapena chochotsera. Muyesowu uli ndi ubwino wakuti umagwira ngakhale ntchito zosalembedwa zija, koma uli ndi chilema chachikulu: umapatsa munthu mmodzi zochita za anthu khumi. Aliyense amene akadaima m'bwalo pamodzi ndi Jordan ndi Pippen akadaoneka wopambana, ndipo katswiri wosewera ndi anzake ofooka amaoneka wolephera. Fanizirani tsono mmene timu imachitira iye ali m'bwalo ndi mmene imachitira ali pa benchi, funsani kuti ankasewera ndi yani ndiponso molimbana ndi yani, ndipo muutenge ngati mboni imodzi pakati pa zinzake. Ukagwirizana ndi zimene maso anu anaona m'kanema, limbani mtima, koma ukatsutsana nazo, bwererani ku kanemayo mukafufuze chifukwa chake.

Chotsiriza ndi kuleza mtima pogamula. Usiku umodzi woponya wabwino akhoza kuphonya yonse, ndipo wofooka akhoza kulowetsa yonse, makamaka mipira ya kutali, imene imasinthasintha kwambiri. Choncho musagamule za kaponyedwe ka munthu asanasewere masewero osachepera 20, ndipo za mapointi atatu dikirani koposa pamenepo. Patulani pambali mphindi za kumapeto pamene timu ina yatsogola kutali ndipo akatswiri onse akhala pansi, pakuti zopezeka pamenepo ndi zopepuka. Lembaninso masewero amene anasewera akuchira kuvulala, kapena usiku wachiwiri wotsatizana atayenda ulendo wautali, monga zichitika kawirikawiri mu ligi ya NBA. Mukasonkhanitsa zonsezi, lembani chigamulo chanu m'ziganizo zochepa pansi pa udindo uja munalemba pamwamba: chimene wakwaniritsa, ndi umboni wake wa chiwerengero kapena wa kanema; chimene chikuperewera, mutatchula masewero ndi mphindi imene munachiona, kuti mwini wake akachionenso yekha; ndi anzake amene amachita nawo bwino koposa akakhala pamodzi m'bwalo. Ikanipo tsiku, sungani pepalalo, ndipo pakapita masewero ena 20 mulitulutsenso, muyese munthu yemweyo ndi mafunso omwewo.