Phunziro 23: Lipoti ndi Pepala la Malonda

M'maphunziro apitawa tinaphunzira kulemba kalata ndi kuwerengera ndalama za bungwe. Lero tiphunzira za mapepala awiri amene amafika m'manja mwathu kawirikawiri. Loyamba ndi lipoti, limene m'Chipwitikizi timati relatório. Lachiwiri ndi pepala la malonda, lija timaliona pa khoma la sitolo kapena pa thumba la mbewu. Mau ake timawamvanso pa wailesi ndi pa foni. Mapepala onsewa amalembedwa ndi zilembo zomwe zija tinaphunzira. Koma ntchito zao nzosiyana. Lipoti limauza munthu zimene zachitika, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti aganize chochita. Pepala la malonda limasankha zabwino zokhazokha, kuti munthu atulutse ndalama asanaganize.

Nanga Chingerezi chikubweramo bwanji?

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Nthawi imeneyo, mwa anthu 10 alionse, 9 sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 boma linayamba nkhondo yoyamba ya dziko lonse yolimbana ndi umbuli, ndipo maphunziro anali m'Chipwitikizi. Chipwitikizi ndicho chinenero cha boma. Lipoti lopita ku ofesi ya boma timalilemba m'Chipwitikizi. Koma taonani maiko otizungulira. Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, onse asanu ndi limodzi amagwiritsa ntchito Chingerezi m'maofesi ao. Mu 1995 dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth, ngakhale kuti sitinalamulidwepo ndi Angerezi. Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga malire ali pakhomo. Katundu wodutsa pa Calómuè ndi pa Zóbuè amabwera ndi mau a Chingerezi. Mabungwe ambiri akunja amene amathandiza alimi ndi mbewu kapena mijigo amafuna lipoti la m'Chingerezi.

Sitikunena kuti aliyense alembe Chingerezi mawa. Wolemba adzakhala mlembi wa bungwe, kapena mwana wathu wa ku sekondale. Koma lipotilo limapita m'dzina la tonse. Makolo athu ankadinda chala pa mapepala amene sanawawerenge, ndipo anataya minda ndi thukuta lao. Ife tisatero. Choyamba tikambirane pa msonkhano m'Chinyanja, mlembi alembe m'buku. Kenaka asinthe mauwo m'Chingerezi. Asanasaine wapampando, lipoti libwerere ku msonkhano, limasuliridwe mzere ndi mzere, aliyense amve.

Pamwamba pa lipoti pamakhala mau anayi. To ndiye kuti lipoti likupita kwa yani. From ndiye kuti likuchokera kwa yani. Date ndi tsiku. Subject ndi mutu wa nkhani. Pansi pake pamabwera Summary, ndiko kunena nkhani yonse mwachidule, m'mizere itatu kapena inayi. Gawo ili tilisamale koposa, chifukwa munthu wa mu ofesi ali ndi malipoti ambiri patebulo, ndipo mwina awerenga pano pokha. Kenaka tifotokoze zimene tinachita ndi zimene tinapeza. Pambuyo pake pabwere Problems, ndiwo mavuto, ndi Recommendations, ndizo zimene tikupempha kuti zichitike. Kumapeto dzina la wolemba, udindo wake, ndi siginecha.

Mwambo wathu ngwakuti munthu usayambe nkhani usanapereke moni ndi kufunsa za ana ndi za kumudzi. Kalata ya Chipwitikizi nayonso imayamba ndi ulemu wautali, Excelentíssimo Senhor ndi zina zotero. Lipoti la Chingerezi silitero. Limalowa m'nkhani nthawi yomweyo. Si mwano ai, ndi mmene amalembera eni ake.

Ziganizo zikhale zazifupi, chimodzi chinene chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti bungwe lathu linalandira mbewu. Mlembi angalembe chotere: We received 40 bags of seed on 12 November. We planted 18 hectares. Rain damaged 6 bags in the store. Tanthauzo lake ndi ili: tinalandira matumba 40 a mbewu pa 12 Novembala, tinabzala mahekitala 18, mvula inaononga matumba 6 m'nkhokwe. Mwaona kuti mulibe mau akuti "zambiri" kapena "zochepa". Zambiri za munthu wina ndi zochepa kwa mnzake. Lipoti limafuna nambala, tsiku ndi malo.

Pa manambala pali msampha waukulu, ndipo pano tichedwepo. M'Chipwitikizi, chikwi chimodzi ndi mazana asanu ambiri timalemba 1.500, ndi kadontho. M'Chingerezi amalemba 1,500, ndi kamchira. Ziwiri ndi theka m'Chipwitikizi ndi 2,5 koma m'Chingerezi ndi 2.5. Zizindikiro ziwirizi zimasinthana malo. Tsono mlembi akalemba kuti tinakolola 1.500 kg, wowerenga wa Chingerezi angamve kuti tinakolola kilo imodzi ndi theka. Mbale imodzi ya chimanga kuchokera m'munda wa bungwe lonse! Tsiku nalonso lili ndi vuto lake. Tikalemba 3/4, ife timamva pa 3 Epulo, koma munthu wa ku America amamva pa 4 Malichi, chifukwa iwo amayamba ndi mwezi. Mankhwala ake ndi kulemba dzina la mwezi lonse: 3 April. Za minda, anzathu a ku Malawi amakonda kuyesa ndi maekala, ife ndi mahekitala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Tinene bwino lomwe muyeso umene tagwiritsa ntchito. Pa ndalama tilembe ngati ndi metikali kapena kwacha, osangolemba nambala yokha.

Msampha wina ugwira iwo amene adziwa bwino Chipwitikizi. Pali mau ofanana nkhope koma osiyana mtima. Pretender m'Chipwitikizi ndi kufuna kuchita chinthu. Pretend m'Chingerezi ndi kunamizira. Mlembi akalemba We pretend to build a store, iye akuti tikufuna kumanga nkhokwe, koma wowerenga amva kuti tikunamizira kumanga nkhokwe. Ndani angapereke simenti kwa anthu otere? Mau oyenera ndi We plan to build. Chimodzimodzi actualmente, kutanthauza masiku ano, si actually ai. Pamenepo tilembe now. Parentes ndi abale onse, koma parents ndi bambo ndi mayi okha.

Tsopano chinthu chovuta kuposa Chingerezi. Polemba lipoti mtima umafuna kubisa zoipa. Timaopa kuti tikanena za matumba 6 aja, otithandiza akwiya, chaka chamawa satipatsanso. Choncho ena amalemba kuti zonse zinayenda bwino, anthu onse akondwa. Limeneli si lipotinso, ndi pepala la malonda lotsatsa bungwe. Taganizani. Ngati tabisa kuti denga la nkhokwe likudontha, malata atsopano adzachokera kuti? Ngati mbozi zaononga chimanga ife nkulemba kuti zokolola nzabwino, ogawa chakudya cha njala adzadumpha mudzi wathu, pakuti iwo amatsata zolembedwa. Kuonjezera mavuto kuti tilandire zambiri nkoipanso. Tsiku limene adzabwere kudzaona ndi maso ao, mau athu onse adzasanduka mphepo, ngakhale oona omwe.

Tiyeni tione tsono njira za otsatsa malonda. Iwo ndi akatswiri pa ntchito yao, ndipo amalipidwa kuti adziwe mtima wa munthu.

Amakonda timau tating'ono. Free, m'Chipwitikizi grátis, ndiye kuti chaulere. Tifunse: kuti ndilandire chaulerecho ndiyenera kugula chiyani poyamba? New, kapena novo, ndi chatsopano, koma kawirikawiri chatsopano ndi pepala lokutira lokha. Mau oopsa kwa mlimi ndi up to, m'Chipwitikizi até, kutanthauza "mpaka". Thumba la mbewu likanena kuti mungakolole mpaka matani akutiakuti pa hekitala, silikulonjeza kanthu. Likunena zimene zinatheka pa munda woyesera, pamene panali feteleza wokwana, madzi okwana ndi opalira okwana. Wokolola theka lake sanganene kuti ananamizidwa, pakuti theka nalonso lili m'kati mwa "mpaka". Nambala imalembedwa ndi zilembo zazikulu, up to ndi zazing'ono. Ndiye chizolowezi chao. Zimene afuna kuti tione amazikuza, zimene lamulo lawakakamiza kunena amazichepetsa pansi penipeni. Pa ngongole, chiwongoladzanja chimakhala m'timalemba timeneto. Wophunzira kuwerenga ayambire pansi.

Mtengo wa 199 MT ndi 200 MT amene wachotsedwa kakhobidi kamodzi, koma diso limaona nambala yoyamba, mtima nkuti nzotchipa. "Lero lokha" ndi "zatsala zochepa" ndi mau othamangitsa munthu kuti asafunse mnzake. Amaikanso chithunzi cha wosewera mpira kapena woimba wotchuka. Munthuyo analipidwa, ndipo kudziwa kumenya mpira si kudziwa sopo. Ena amaveka munthu chovala choyera kuti tiziti ndi dokotala. Pa wailesi amabwereza kanyimbo kamodzimodzi mpaka ana athu akuimba popita kudambo. Ndipo pali mau aja akuti "aliyense akugwiritsa ntchito", amene cholinga chake nkuti tichite manyazi kutsalira. Masiku ano zomwezi zimabwera pa Facebook ndi pa WhatsApp, nthawi zina ngati uthenga wochokera kwa m'bale.

Wina anganene kuti zonsezi nzazing'ono, kutaya timakhobidi basi. Mverani zimene zinachitika ndi mkaka wa m'chitini. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, makampani aakulu ankatsatsa mkaka waufa wa makanda ku Africa, ku Asia ndi ku South America. Ankaonetsa zithunzi za ana onenepa, osekerera. Ankatuma akazi ogulitsa atavala ngati anamwino, ndipo m'zipatala ankagawa zitini zaulere. Mayi akayamba kumwetsa mwana za m'botolo, mwana amayamwa pang'ono, ndipo mkaka wa m'mawere umachepa. Chitini chaulere chikatha, mayi ayenera kugula. Mtengo ndi waukulu, choncho amathira madzi ambiri kuti ufa ukhalitse. Madziwo nthawi zambiri osawiritsa, botolo losatsuka bwino. Mwana amatsegula m'mimba, amaonda, ndipo ana ambiri anafa.

Chimene chinatsegula maso a dziko linali lipoti. Mu 1974 bungwe la War on Want la ku London linasindikiza lipoti la m'Chingerezi lotchedwa The Baby Killer, lolembedwa ndi Mike Muller. Linafotokoza mmene mkakawo unkatsatsidwira ndi zimene zinkachitikira ana. Mu 1977 anthu ku United States anayamba kukana kugula katundu wa kampani ya Nestlé. Mu Meyi 1981, pa msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, ku Geneva, maiko 118 anavomereza malamulo oletsa kutsatsa mkaka wotere kwa anthu wamba ndi kugawira amayi zitini zaulere. Dziko limodzi lokha, United States, ndilo linakana. Lero azaumoyo amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Alipo ana ena ofunika mkaka wa m'chitini, monga amene mayi ao anamwalira, koma wonena zimenezo akhale wa kuchipatala, osati chithunzi cha pa khoma.

Sitikuti kutsatsa konse nkoipa. Ifenso timagulitsa mbatata, nyemba ndi kabichi, ndipo chikwangwani cha pamsewu chimatithandiza. Tilembepo dzina la katundu, kulemera kwake, mtengo, ndi malo opezeka. Thumba likakhala la makilo 50, likhaledi la makilo 50, ndipo mbatata zapansi zifanane ndi zapamwamba. Wogula wa ku Tete kapena ku Blantyre amabweranso kwa amene sanamunamize.

Ntchito ya sabata ino. Aliyense abweretse thumba, chitini kapena pepala lililonse la malonda limene lili kunyumba, la m'Chingerezi kapena la m'Chipwitikizi. Tidzakhala m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lidzapeza mau olembedwa ndi zilembo zazikulu koposa, ndi mau olembedwa ndi zilembo zazing'ono koposa, ndipo tidzawamasulira pamodzi. Tidzafunanso tsiku lotha ntchito, limene m'Chingerezi limalembedwa Exp kapena Best before, m'Chipwitikizi Validade. Kenaka gulu lililonse lidzalemba m'Chinyanja lipoti la mizere isanu lonena za mjigo kapena chitsime cha m'mudzi mwao: chinakumbidwa liti, mabanja angati amatungapo, chinaonongeka kangati chaka chino, ndi chimene akupempha. Amene sadziwa nambala ya mabanja afunse kwa a nyakwawa tsiku la phunziro lisanafike. Mubwere ndi pensulo ndi kope.