Kupenta baji ndi makapu a mawilu a kromu

Eni galimoto zakale monga Peugeot 404, Datsun 1200 ndi Volkswagen Beetle akamazikonzanso amafuna kuti baji ndi makapu a mawilu ziwale ngati zatsopano. Kwa openta a ku Ndirande kapena ku Mchesi, apa pali ndalama. Koma penti ikasupuka msanga, kasitomala sabweranso.

Vuto ndi loti kromu ndi yosalala kwambiri, ndiye penti sigwira. Wopenta ayambe ndi kutsuka kapu ndi sopo, kenako apukute ndi thina kuti mafuta onse achoke. Akhule ndi sandipepala wa nambala 320 kapena 400 mpaka kunyezimira kuthe. Apake etch primer, chifukwa praima wamba samamatira bwino pa kromu. Penti apopere pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, kudikira mphindi 10 mpaka 15 asanabwereze, ndipo amalize ndi clear coat.

Baji yokhala ndi zilembo zolowa mkati sifuna kukhula. Wopenta alowetse penti m'mizere ndi burashi yaing'ono, n'kupukuta yotsala pamwamba isanaume.

Ngati dzimbiri ndi lochepa, kutikita ndi aluminium foil yonyowetsa kumalichotsa popanda kupenta. Kapu yeniyeni ya galimoto yakale imagulidwa bwino ikadali ndi kromu yake, choncho mwini afunsidwe kaye sandipepala asanaikhudze.

Potchula mtengo, wopenta awerengere praima, penti, thina, tepi ndi nthawi yodikira kuti ziume.