Sikuluwu ya pabuleki yadyeka mutu: physics imati titani?

Njinga zamoto zam'fumbi monga Yamaha XTZ125 ndi Honda XR150L zili ndi kabokosi kakang'ono pachiwongolero, pafupi ndi chogwirira buleki ya kutsogolo. M'kabokosimo mumakhala mafuta a mabuleki, ndipo chivindikiro chake chimamangidwa ndi timasikuluwu tiwiri ta mutu wa mtanda. Timasikuluwu timeneti n'totchuka ndi kudyeka mutu. Ukapotoza, sikuludilayiva imangotumpha, mtanda uja n'kusanduka kadzenje kozungulira.

Mwina mukuti nanga vuto lili pati, si kungozisiya? Vuto lilipo ndithu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka atafika 230 °C, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155 °C. Munthu akamatsika phiri la Zomba atagwira buleki nthawi yaitali, mafuta amatentha. Akawira amapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pomwe mafuta safinyika. Ndiye wokwera amafinya chogwirira mpaka chigunde chiwongolero, njinga osaima. N'chifukwa chake chivindikirocho chiyenera kumatseguka kuti mafuta azisinthidwa.

Mfundo yomwe ndimafuna ophunzira anga aigwire ndi iyi: pa sikuluwu imodzi pali friction pamalo awiri. Kumutu, pomwe nsonga ya sikuludilayiva imagwirana ndi mtanda, friction ndi bwenzi lathu. Kumazinga, komwe sikuluwu yalowa m'chitsulo, friction ndi mdani. Njira zonse za amakaniko zimachita chimodzi mwa ziwiri: kuwonjezera kugwirana kwa kumutu kapena kuchepetsa kwa kumazinga.

Tiyambe ndi chifukwa chake mutu umadyeka. Makoma a nsonga ya sikuludilayiva ya Phillips ndi opendekeka. Ukapotoza, gawo lina la mphamvu limakankhira nsongayo m'mwamba, ngati mmene njerwa imatsetserekera pathabwa lopendama. Ikatumpha imapala chitsulo, ndipo ikatumpha kangapo mtanda watha. Chinanso, njinga za ku Japan zimagwiritsa ntchito masikuluwu a JIS, omwe nthawi zambiri amakhala ndi kadontho pamutu. Amafanana ndi a Phillips, koma nsonga ya Phillips sikhazikika bwino mmenemo.

Kumazinga nako kuli nkhani. Sikuluwu ndi yachitsulo, kabokosi ndi ka aluminiyamu. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pali chinyontho zimakhala ngati kabatire kakang'ono, ndipo aluminiyamu ndi amene amadyeka. Ufa woyera umene umapangika umadzaza mazinga, sikuluwu n'kuuma gwa.

Tsono timatani? Choyamba, kanikizani kwambiri kuposa mmene mukupotozera. M'kalasi timalemba kuti F = μN, kutanthauza kuti friction imakula molingana ndi mphamvu yokanikiza. Mukakanikiza kawiri, kugwirana kumakulanso kawiri. Mungathenso kukweza μ poika kachidutswa kopyapyala ka lekeni pakati pa nsonga ndi mutu. Mphira amadzaza mipata ndipo saterera.

Chachiwiri, samalani ndi moment. Moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi kutalika kuchokera pamene chinthu chikuzungulira. Mukakola sipanala ya masentimita 15 pa sikuludilayiva yomwe chogwirira chake chili masentimita 1.5 kuchokera pakati, mphamvu yomweyo imapereka moment yaikulu ka 10. Koma moment yaikulu popanda kukanikiza imangodya mutu mofulumira. Ziwirizi ziziyendera limodzi.

Chachitatu, gogodani. Ikani nsonga pamutu n'kumenya pang'onopang'ono ndi hamala. Kugunda kumapereka mphamvu yaikulu m'kanthawi kochepa, ndipo kumaphwanya ufa uja m'mazinga. Pali chida chotchedwa impact driver chomwe ukachimenya chimakanikiza n'kupotoza nthawi imodzi. Pakabokosi ka buleki osamenya ngati mukuswa miyala, chifukwa aluminiyamu amang'aluka.

Nanga kutenthetsa? Pa digiri iliyonse aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, magawo 23 pa miliyoni pomwe chitsulo ndi 12. Choncho bowo limakula kuposa sikuluwu. Njirayi imathandiza pa mabawuti omanga disiki ku gudumu, ndipo kutentha kumafewetsanso guluu amene amapakidwa m'mazinga ake. Koma pakabokosi ka mafuta ayi, chonde. Pansi pa chivindikiro pali mphira amene angapse, ndipo thanki ya petulo ili pomwepo.

Zonse zikakanika, makaniko amabowola mutuwo ndi dirila mpaka uthothoke. Apa pamachitika chinthu chomwe chimandisangalatsa. Chivindikiro chikachoka, kachitsa kotsalako nthawi zambiri kamamasuka mosavuta ndi pulayazi. Chifukwa chake n'chakuti sikuluwu yomangidwa imakhala yokokeka ngati sipuling'i, ndipo kukokekako ndi kumene kumapanikiza mazinga. Mutu ukachoka, N yathu ija imatsika, friction n'kutsika nayo. Asanatsegule, ayenera kupukuta tizitsulo tonse kuti tisagwere m'mafuta, ndipo pomanga aike sikuluwu yatsopano, osaithinitsa kwambiri.

Ntchito ya mabuleki enieni isiyireni munthu woidziwa, chifukwa pamakhala moyo wa munthu. Inu yeserani pathabwa. Pezani sikuluwu yakale ndi sikelo yoyezera thupi. Ikani thabwa pasikelo, ndipo pomasula muziwerenga makilogalamu amene mukukanikiza. Yesani ndi 2 kg, kenako 5 kg, kenako 10 kg, popanda mphira, kenako ndi mphira. Lembani pamene nsonga yasiyira kutumpha, ndipo musinthe makilogalamuwo akhale manyutoni pochulukitsa ndi 10. Funso loti muyankhe ndi ili: mphira uja wasintha N kapena μ?