Musanagule makina akale osokera zikopa

Munthu akangoganiza zoyamba ntchito ya zikopa, funso limene limathamangira kukamwa ndi la makina: kodi Singer wakuda uja ali kwa agogo, kapena amene akugulitsidwa pamsika, angasoke lamba ndi chikwama? Funsoli n'lomveka, chifukwa makina amenewa tawaona akulira pamakonde a matelala zaka ndi zaka osatopa. Koma labwera nthawi yake isanakwane. Chikopa chimene mwasankha ndicho chimakuuzani ulusi woyenera, ulusiwo umasankha singano, ndipo makina amabwera kudzanyamula singano ndi ulusi zimene mwazidziwa kale. Wogula makina asanadziwe chimene adzasoke amangotsala ndi chitsulo cholemera pakona ya nyumba, ndalama yogulira chikopa itapita.

Yambani ndi kudziwa kafufutidwe ka chikopa. Njira yakale ndi ya makungwa: chikopa chimaviikidwa kwa milungu kapena miyezi m'madzi a makungwa ndi mitengo, monga wattle amene amalimidwa ku KwaZulu-Natal kapena quebracho wa ku Argentina. Chimatuluka cholimba, chofiirira mpaka m'kati, chimamwa madzi, ndipo mukachinyowetsa n'kuchipinda chimauma chili mmene mwachipindiramo. Njira inayo ndi ya mankhwala a chrome, imene Augustus Schultz anailembetsa ku America mu 1884. Imatha m'masiku ochepa, n'chifukwa chake zikopa zambiri padziko lapansi lero ndi za mtundu umenewu: nsapato, majekete, mipando ya galimoto. Chikopa cha chrome n'chofewa, chimanyumbuka, ndipo mukachidula nthawi zambiri mumaona kamzere kotuwa mobiriwira pakati. Kwa woyamba, cha makungwa ndicho mphunzitsi wabwino, chifukwa chimaima nji pansi pa mpeni, mzere mukaulemba umaoneka, ndipo m'mphepete mukakhula ndi kamtengo kosalala ndi timadzi pang'ono mumawala. Cha chrome chimathawa mpeni, m'mphepete mwake simuwala chikhulireni, mumafuna kupinda kapena kupaka utoto.

Makulidwe nawo muwadziwe m'manambala, musamangoyesa ndi chala. Ogulitsa ena amatchula ma ounce, ndipo ounce imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Kachikwama ka ndalama kamafuna chikopa cha mamilimita 1 mpaka 1.4, chikwama cha papheŵa 1.6 mpaka 2, pamene lamba wa m'chiuno amafuna 3 mpaka 4. Chofunika kuwerengera ndi makulidwe a pamsoko, pomwe zidutswa ziwiri kapena zitatu zasanjikizana, popeza ndi pamenepo singano idzadutsa. Chikopa chatsopano chikakhala chodula kapena chosowa, zikwama ndi malamba a pa kaunjika ndi pophunzirira pabwino. Ingotembenuzani muone kumbuyo: chikopa chenicheni chimakhala ndi timaubweya taminofu, chabodza chimakhala ndi nsalu yomatidwa ku pulasitiki. Kachidutswa kachikopa mukakawotcha kamanunkha ngati tsitsi lopserera, kabodza kamasungunuka.

Zida zoyambira n'zochepa kuposa mmene zithunzi za pa intaneti zimaonetsera: mpeni wakuthwa ndi ponolera pake, rula yachitsulo, thabwa lodulirapo, chisongole chobowolera, singano ziwiri zobuntha kunsonga, ulusi wa polyester wopaka phula wa mamilimita 0.6 mpaka 0.8, guluu wa osoka nsapato, sandipepa, ndi nyundo yamtengo kapena yapulasitiki kuti isaphwanye mitu ya zida. Pa zonsezi, ndalama yanu ipite pa mpeni ndi chisongole. Mpeni wobuntha umakakamiza dzanja, dzanja likakakamiza limaterereka, ndipo chimene chimadulidwa ndi chikopa chanu kapena chala chanu.

Tsopano msoko wa pamanja. Pakani guluu mbali zonse ziwiri m'mphepete, dikirani aume mpaka asamamatirire chala, kenako gwirizanitsani ndi kugogoda pang'ono. Lembani mzere mamilimita 3 kapena 4 kuchokera m'mphepete, ikani timadontho motalikirana mamilimita 3 mpaka 4, ndipo bowolani chisongole chitaima chimodzimodzi pa bowo lililonse. Chikapendeka, kutsogolo kumaoneka bwino koma kumbuyo mzere umayenda ngati njira ya nyerere. Dulani ulusi wotalika kanayi kuposa msoko, ikani singano kunsonga zonse ziwiri, lowetsani pa bowo loyamba mpaka ulusi ulingane. Pa bowo lililonse lotsatira singano zonse ziwiri zimadutsa, ina kuchokera kumanzere, ina kumanja, ndipo muyambe ndi dzanja lomwelo nthawi zonse, kukoka ndi mphamvu yofanana. Pomaliza bwererani mabowo awiri kapena atatu, dulani, ndi kusungunula kansonga ndi moto. Msoko umenewu uli ndi mwayi umene makina alibe: ulusi ukaduka mbali imodzi, wa mbali inayo umagwirabe, pamene msoko wa makina ndi ulusi wapamwamba ndi wa m'bobini zokolekana pakati, ndipo umodzi ukaduka unzake umamasuka.

Wina anganene kuti zonsezi n'zabwino kwa wosewera, koma wofuna kudya za ntchito yake sangasoke pamanja. Ali ndi mfundo. Lamba wa masentimita 110 wosokedwa mbali zonse ziwiri motalikirana mamilimita 4 ali ndi mabowo pafupifupi 550, ndipo amenewo ndi maola, pamene makina amadutsapo m'mphindi zochepa. Koma taonani zimene makina sachita. Sadula, sasenga m'mphepete kuti popinda pakhale popyapyala, samata, sakhula. Ntchito zimenezi ndizo zimasiyanitsa chikwama chogulika ndi chotsalira pa benchi, ndipo zimaphunziridwa ndi dzanja. Komanso chikopa si nsalu: pansalu mukalakwitsa mumaphwasula n'kusokanso, pachikopa bowo likaboola laboola. Munthu amene sanadziwe mmene msoko wabwino umaonekera, makina amangomuthandiza kuwononga chikopa mofulumira. Sindikunena kuti mukhale pa chisongole moyo wonse. Sokani pamanja zinthu zingapo zazing'ono mpaka mudziwe chimene anthu akukugulani ndi makulidwe amene mumakumana nawo kawirikawiri, pamenepo mudzapita kwa wogulitsa makina muli ndi funso lenileni.

Pa makina akale pali chinyengo chimodzi chofala, ndipo nthawi zina wogulitsa naye amachikhulupirira: akuti popeza ndi achitsulo chokhachokha, asoka chilichonse. Singer 15, 66, 99 ndi 201 ndi makina abwino kwambiri, koma anapangidwira nsalu. Chilembo K pa nambala ngati 15K kapena 201K chimangosonyeza kuti anapangidwa ku fakitale ya Kilbowie ku Clydebank, Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Sichinena za mphamvu. Makina akuda ambiri a mayina ena, monga Butterfly a ku China, anatengera kapangidwe ka Singer 15 yemweyo. Wogulitsa akhoza kukuonetsani singano ikuboola lamba, inu n'kugoma. Koma kuboola ndi gawo laling'ono la kusoka. Makina a nsalu amakoka chosokedwa ndi mano apansi okha, phazi likungopondereza. Pachikopa phazilo limakakamira, chapansi chimayenda chapamwamba chikutsalira, misoko imafupika mpaka mabowo ayandikane ngati podulira chiphaso, ndipo mano amasiya zipsera kunsi. Singano zake za mtundu wa 130/705H, zimene kawirikawiri zimathera pa 110/18, sizinyamula ulusi wokhuthala umene lamba amafuna. Makina otere angakuthandizeni pa chikopa chofewa cha jekete kapena cha m'kati mwa chikwama, msoko wonse usanapitirire mamilimita 2, mutaika singano ya chikopa yansonga yodula, phazi lagudumu kapena loterera, ndi msoko wautali. Kupyola apo mukuwazunza. Mawu akuti makina a m'fakitale nawonso asakunamizeni: Juki DDL-8700 amatha kusoka misoko 5,500 pa mphindi, koma amakoka ndi mano apansi ngati a telala, ndipo liwiro ndilo simukulifuna pachikopa.

Choyang'ana tsono ndi kakokedwe. Pa zikwama ndi malamba apakati mukufuna makina a phazi loyenda, pomwe singano, phazi lam'kati ndi mano apansi zimagwira chikopa n'kuyenda nacho limodzi, phazi lakunja likugwirizira chikopacho singano ikamabwerera. Singer 111W155 ndi kholo la ambiri a mtundu umenewu, chilembo W chikusonyeza fakitale ya ku Bridgeport ku America imene poyamba inali ya Wheeler & Wilson. Amasoka mpaka cha m'ma mamilimita 8, ndi singano za 135x16 zansonga yodula chikopa, koma alibe chobwezera m'mbuyo, choncho msoko mumautseka potembenuza chosokedwacho. Juki LU-563, Pfaff 145 ndi Consew 206RB ndi a banja lomwelo la kakokedwe. Singer 29K, wa mkono wautali wopyapyala amene osoka nsapato amamukonda, ndi wosiririka chifukwa phazi lake limatembenukira mbali iliyonse ndipo amalowa m'kati mwa nsapato, koma ndi wa zigamba: bobini yake ndi kadontho, phazi lili ndi mano amene amadinda chikopa, ndipo akakalamba misoko yake imafupika. Ngati ntchito yanu ndi yokonza nsapato ndi zipi za zikwama, ndiye wanu ameneyo. Zingwe zokhuthala za ngolo ndi zishalo zimafuna Singer 45K kapena wofanana naye.

Tsiku logula, nyamulani zidutswa za chikopa chanu chomwe, zosanjikiza monga zidzakhalire pamsoko wokhuthala kwambiri, ndi ulusi wanu. Musayesere pa kachidutswa ka wogulitsa. Zunguzani gudumu ndi dzanja mumve ngati pali pogwira kapena pogogoda. Gwedezani kachitsulo konyamula singano. Kakamasewera chammbali, makinawo azidumpha misoko. Tulutsani bobini muone nsonga ya kambedza kamene kamakola ulusi: ikhale yakuthwa, yosabenthuka. Dzimbiri lapamwamba ndi mafuta akale ouma zisakuopseni, palafini amazisungunula, kenako muthire mafuta a makina osokera, osati ophikira amene amasanduka ulimbo. Choopsa ndi chitsulo chong'aluka ndi ziwalo zosowa, choncho funsani kwa wokonza makina wa kwanuko ngati singano, mabobini ndi kambedza ka mtundu umenewo zimapezeka, musanalipire. Ngati ali ndi mota yakale ya kilachi, yomwe imangozungulira n'kudumpha mukangoponda, werengerani mtengo wa mota ya servo imene imalola kusoka bowo limodzi limodzi. Makina opalasa ndi miyendo musawanyoze: amayenda pang'onopang'ono monga chikopa chimafunira, ndipo magetsi akazima ntchito siima.

Mukamaliza kuwayang'ana makinawo, sokani pa zidutswa zanu zija mzere wowongoka, khotani pa kona, kwerani kuchoka pa zidutswa ziwiri kufika pa zitatu, ndipo tembenuzani muone kunsi. Utali wa misoko usasinthe pokwera, ndipo mfundo ya ulusi wapamwamba ndi wa m'bobini ibisale m'kati mwa chikopa. Ikaonekera pansi, mangani ulusi wapamwamba pang'ono kapena ikani singano yokulirapo ndi kuyesanso. Ikakanabe kulowa ndi ulusi umene ntchito yanu ikufuna, makinawo asiyeni pomwepo.