Kwa Iwe Wokaphunzira Malamulo ku South Africa

Mwana wanga, safunsa anadya phula. Ukafika ku South Africa aphunzitsi adzakuunjikira mabuku, koma lamulo la eni silimveka kwa munthu amene sanafunse kumene linachokera. Pa lamulo lililonse uzifunsa kuti linabwera ndi yani, ndipo linadzathetsa vuto lanji.

Usanyengeke poona majaji ovala mikanjo ndi maloya olankhula Chingerezi n'kuganiza kuti ndi zakwathu zomwe zija. Ife a ku Malawi tinalandira malamulo a ku England mu 1902. Anzathuwa mizu yawo ndi itatu. Adatchi amene anafika ku Cape mu 1652 anabwera ndi malamulo a Aroma osakanikirana ndi a ku Holland, n'chifukwa chake mpaka lero jaji amatha kutchula Hugo Grotius kapena Johannes Voet m'chigamulo. Angerezi atalanda Cape mu 1806 anasintha kayendetsedwe ka milandu ndi kaperekedwe ka umboni, koma nkhani za mapangano ndi katundu anazisiya pa maziko akale aja. Muzu wachitatu ndi malamulo a makolo a Azulu, Axhosa, Asotho ndi mitundu ina.

Apa ndi pamene alendo ambiri amapunthwa. Kwathu unaphunzira kuti lonjezo silimanga munthu pokhapokha winayo ataperekapo kanthu. Kumeneko khothi linagamula kale mu 1919, pa mlandu wa Conradie ndi Rossouw, kuti anthu akagwirizana motsimikiza, panganolo lamanga basi. Ukayankha mayeso ndi nzeru za ku Zomba, ulakwa uli ndi chikhulupiriro chonse kuti wakhoza.

Upite ku Constitution Hill mu Johannesburg mwezi woyamba usanathe. Khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko analimanga pamalo a ndende yakale imene inasungapo Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela. Njerwa za m'chipinda chozengera milandu anazigumula ku nyumba imene ankatsekeramo anthu odikira milandu. Kutsogolo kwa mipando ya majaji 11 anayalako zikopa za ng'ombe, ndipo m'khoma muli kawindo kakatali kongoonetsa miyendo ya anthu odutsa panja, osadziwika ngati ndi olemera kapena osauka. Ukakhala m'menemo udzamvetsa chifukwa chake khothi limeneli linathetsa chilango cha imfa mu 1995 pa mlandu wa Makwanyane, ndi chifukwa chake malamulo oyendetsera dziko a 1996 amaika ulemu wa munthu patsogolo. Anthu amene anawalemba anali ataona boma la tsankho likupachika anthu mwalamulo.

Malamulo a makolo usawatenge ngati phunziro lapambali. Uwerenge modekha mlandu wa Bhe wa 2004. Bambo wina wa ku Khayelitsha anamwalira osasiya wilo, nasiya ana aakazi awiri. Potsata lamulo la 1927 ndi mwambo woti chuma chimatsata mwamuna, majisitireti anapereka zonse kwa agogo aamuna a anawo, amene anafuna kugulitsa malowo kuti alipire za maliro. Khothi linakana, linati ana aakazi nawonso ndi olowa chuma. Koma silinanyoze mwambo. Linaonetsa kuti kale wolowa chuma ankasenzanso udindo wosamala banja lonse, ndipo atsamunda polemba mwambowo m'mabuku anauumitsa pamene moyo wa anthu unkasintha. Iwe wochokera kumene amasiye amalandidwa ndi mbale zomwe maliro asanathe, mlandu umenewu ndi wako.

Ukatero utsike kupita kukhothi la majisitireti, ukhale pabenchi lakumbuyo tsiku lathunthu. Udzaona mafayilo ataunjikana, milandu ikuimitsidwa, womasulira akulimbana ndi zinenero zingapo. Tsiku lina adzakweza m'bokosi mnyamata wakwathu amene chiphaso chake chinatha, akungogwedeza mutu pa zimene sakumva. Pamenepo ukumbukire kuti gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa aliyense aonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo mlandu wake umasuliridwe m'chinenero chimene amamva. Ukumbukirenso mlandu wa Khosa wa 2004, pamene anthu a ku Mozambique okhazikika m'dzikomo anapambana ufulu wolandira thandizo la boma. Kusiyana kwa zolembedwa ndi zochitika uzikuona ndi maso ako, chifukwa ntchito ya loya ili pompo.

Pakamwa uzisamala. Usafulumire kunena kuti kwathu sititero, komanso usachite manyazi ndi kwanu. Akakufunsa za Malawi, uwauze za majaji asanu amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, uwauzenso za makhothi a mafumu amene anagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa anyongedwe mu 1983 popanda loya wowaimira. Wodziwa zabwino ndi zoipa za kwawo ndiye amaphunzira za eni ndi mutu wake. Ukadzabwerako, usadzatengere chigamulo chilichonse chifukwa choti n'chakunja. Udzasankhe chimene chingathandize wamasiye wa ku Ntcheu ndi mkaidi wa ku Maula, ndipo udzachimenyere nkhondo.