Mtengambali Akafa Patebulo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi ndi masewero otani oti munthu mpaka kugwa nawo chisoni?

Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala lofotokoza mtengambali wake: dzina, mphamvu, zida, kwawo. Mmodzi amatsogolera nkhani, enawo amanena zimene atengambali awo akuchita, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka. Otchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Nkhani imodzi imatha miyezi, mwina zaka, anthu akukumana sabata ndi sabata.

Nanga imfayo imabwera bwanji?

M'malamulo a Dungeons & Dragons a 2014, mphamvu za mtengambali zikatheratu amagwa n'kukomoka. Ikafika nthawi yake, mwini wake amaponya dayisi la mbali 20. Likagwa pa 10 kapena kuposa, wapulumuka ulendo umenewo. Akapambana katatu amakhala moyo, akalephera katatu basi wapita, ndipo likagwa pa 1 zimawerengedwa ngati walephera kawiri. Apa m'pamene onse amaimirira n'kuweramira patebulo, wina atagwira pakamwa, dayisi likugubuduka pakati pa makapu ndi mapensulo.

Masewero ena ndi ouma mtima kuposa pamenepa. Mu Traveller wa 1977, mtengambali ankatha kufa mwini wake akadamupanga, nkhani isanayambe n'komwe.

Si zachibwana kulira munthu wongopeka?

Ayi ndithu. Munthuyo ngwopeka, koma nthawi imene inathera pa iye ndi yeniyeni. Mwini wake anamupangira mawu ndi kayankhulidwe, anamuganizira ali m'basi, anali ndi chiyembekezo cha kumene nkhani yake ikathere. Ena amaika mwa mtengambali kulimba mtima kumene iwo eni amakusowa kuntchito kapena kunyumba. Zonsezi zikaduka chifukwa cha dayisi limodzi, mtima umawawa, ndipo womuuza kuti "ndi masewero chabe" amangomuwonjezera ululu.

Bwanji osangomuukitsa?

Malamulo a Dungeons & Dragons amalola, koma pamtengo. Matsenga otchedwa Revivify amagwira ntchito ngati mphindi imodzi isanadutse, ndipo amadya madayamondi a ndalama zagolide 300. Raise Dead amalola masiku 10, pa dayamondi la 500. Ine ndimaona kuti kuthamangira njira imeneyi nthawi zonse kumasukulutsa nkhani. Imfa ikakhala yobwezeka mwachisawawa, palibenso amene amaopa chinjoka, ndipo wodzipereka kuti apulumutse anzake sakhala atapereka kalikonse.

Anzake patebulo achite chiyani?

Asafulumire kugawana zida za malemuyo. Aimitse kaye nkhondo, alole atengambali otsalawo kukumba manda, kulankhula mawu otsanzika, kutumiza uthenga kwa abale ake m'nkhanimo. Mwini wake apatsidwe mpata wonena mawu omaliza. Pepala lija alisunge. Ena amalemba kalata ya mtengambaliyo yoti anzake aipeze m'chikwama chake, ena amapanga watsopano yemwe ndi mng'ono wake kapena wophunzira wake, kuti zimene anasiya zipitirire.

Mwachitsanzo, pa pulogalamu ya Critical Role mu 2018, Mollymauk, mtengambali wa Taliesin Jaffe, anaphedwa pankhondo owonera ambiri akuona, ndipo Matthew Mercer, yemwe ankatsogolera, sanabweze zimene madayisi anagamula. Anzake anamuika m'mbali mwa msewu. Jaffe anadzabwera ndi mtengambali watsopano, Caduceus Clay, wosamalira manda, munthu wodziwa kutonthoza ofedwa.

Wotsogolera ali ndi udindo wanji?

Ntchito yake imayamba nkhani isanayambe. Pamkumano woyamba, umene osewera amautcha session zero, afunse momveka: kodi pano atengambali azifa? Pali amene sangakwanitse zimenezi pakalipano, mwina chifukwa waferedwa posachedwa? Imfa ikachitika, asamusiye mwini wake atangokhala duu usiku wonse. Angamupatse mtengambali wina wa m'nkhanimo kuti aziyendetsa. Ndipo mawa lake amuimbire foni, amufunse ngati akufuna kupanga watsopano msanga kapena kupumako sabata imodzi.